Injini Yosatsegulidwapo

Achimwene anga ndi makaniko wa njinga zamoto, ndipo pa zaka makumi atatu zimene agwira sipanala sanayamikirepo munthu. Ngakhale mayi athu otibereka anapita kumanda asanamve "mwachita bwino" kuchokera pakamwa pawo. Shedi yawo ili kuseri kwa sitolo ya penti: malata asanu, benchi lopendekeka, ndi chitini cha mabawuti chimene amachisamala kuposa abale. Anthu amawatchula kuti a Chala, chifukwa njinga ikabwera sathamangira kuyiliza. Amayamba ayisisita kaye ndi chala ngati akusankha nsalu.

Ine ndimasoka zovala pakhonde loyang'anizana ndi shediyo, choncho moyo wawo wonse ndauonera mwaulele.

Ntchito imene inawatchukitsa ndi yoyeza njinga zakale anthu asanagule. Wogulitsa aliyense amabwera ndi nyimbo imodzi: injini sinatsegulidwepo, mwini wake anali wofatsa, ankangopita nayo kokapemphera. Achimwene amamvetsera mwaulemu wonse, kenako amagwira injiniyo. Ikakhala yofunda amafunsa kuti, "Mwayitenthetseratu bwanji, kodi imadwala m'mawa?" Basi malonda athera pomwepo. Adani apeza ambiri, ndipo amanyadira nawo ngati madipuloma.

Mlamu wanga anamwalira kalekale n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo anakulira m'shedimo. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankamasula kabuleta yekha n'kuibwezera, bambo ake n'kungoti, "Wachedwa." Atakula anakwatiwa ndi mnyamata wogula ndi kugulitsa njinga zakale, wa nsapato zoyera, amene akagwira sipanala umachita kuyang'ana kumbali. Achimwene anamuuza mkamwiniyo pagulu kuti manja ake ndi ongoombera basi. Mwana anakwiya, zaka ziwiri osapondako kwa bambo ake. Wovutika ndinali ine, kuyenda uku ndi uku ngati andilemba ntchito, mpaka anayambanso kubwera Lamlungu lililonse ndi kamdzukulu. Nkhalamba ija inayamba kumeta ndevu Loweruka. Pakamwa sankanena, koma tonse tinkadziwa kuti akamulakwiranso kachiwiri, mwanayo sadzabwereranso.

Lachinayi lina m'mawa mkamwini anatulukira akukankha njinga yofiira, pambuyo pake mayi wina mphunzitsi. Mayiyo anali atasamutsidwira kusukulu ina yakumapiri, ndipo anakaniratu kugula njingayo a Chala asanaione. Mkamwini nkhope inali ngati ya munthu wopita kokazulitsa dzino.

"Bambo, iyi ndiye ilibe nkhani," anatero. "Injini yake sinatsegulidwepo chichokereni kufakitale."

"Zikomo kwambiri, akamwini," anayankha achimwene. "Imani uko, mungade nsapato."

Ndinasiya makina osokera. Zoterezi sindiphonya.

Anagwada, chala chili pa mabawuti a mutu wa injini. "Aphunzitsi, taonani. Penti yachoka m'mbali mwa bawuti iliyonse. Mwina ndi mphepo, imamasula zinthu masiku ano." Anatsetseretsa chala m'munsi. "Gasiketi iyi ndi yatsopano, pakati pa zitsulo zakale. Silinda ndi yoyera kuposa injini yonse, ndiye kuti imasamba yokha. Apa pamayenera kukhala nambala yonena kukula kwake, koma wina waipala ndi fayilo. Munthu waukhondo ameneyo."

Mphunzitsi anayang'ana mkamwini. Mkamwini anayang'ana malata.

Achimwene anali atalowa m'nyimbo yawo tsopano. Anaonetsa kabuleta yaikulu kuposa paipi yake, yomangidwa ndi chomangira chonyezimira. Analowetsa waya mu ekizozi, wayayo n'kupita yense osagunda kanthu. "Zam'kati anazichotsa kuti aneba asamagone mopitirira." Anaponda kiki yolizira injini kamodzi, mwendo n'kubwerera chifukwa cha mphamvu ya injiniyo. Ine ndinkangoti mumtima, pitirizani achimwene, pitirizani, Lamlungu mudya nokha.

"Poti sinatsegulidwepo," anatero, "mwayi ndi wathu, tiitsegule koyamba."

Anamasula mutu wa injini n'kuuika pabenchi. Kenako pakamwa panatsekeka. Pa moyo wanga wonse ndinali ndisanawaone ali chete zinthu zonyoza zilipo. Pisitoni inali yaikulu kuposa ya njinga yotero, zimenezo ankayembekezera. Koma analowetsa chala m'njira zolowera mpweya, n'kuyendetsa pang'onopang'ono, kawiri, katatu. Zinali zosalala, zopalidwa ndi dzanja mofanana ndendende. Panalibe guluu wofinyikira kunja, panalibe bawuti yopotoka.

"Wagwira ntchito iyi ndani?" anafunsa, mawu atatsika. "Musandiuze kuti ndinu."

Mkamwini anayankha monong'ona kuti, "Ndi mwana wanu, bambo. Masabata atatu, pakhonde pathu." Anasendera pafupi. "Chonde, bambo. Akudikira kunyumba."

Mphunzitsi, mayi wosadziwa kuti waponda pati, anafunsa mwaulemu, "Ndiye ndigule, a Chala?"

Ndinatsokomola. Ndinagwetsa sizasi dala. Ndinawaitana kuti, "Achimwene, tabwerani kaye mundionere chinachake." Sanatembenuke n'komwe. Bodza laling'ono lomwe ankafunika kunena linali loti "ili bwino", ndipo anthu abwinobwino amanena mabodza oposa pamenepo asanamwe tiyi.

"Mayi," anatero, "ndatsegula mainjini ambiri, koma ntchito yokongola ngati iyi sindinaionepo. Inenso sindingaifike. Amene wapanga izi ndi katswiri." Anapukuta chala pa ovololo. "Koma injiniyi tsopano ili ndi mphamvu za njinga yaikulu, pamene mabuleki ndi tcheni ndi za kanjinga kakang'ono. Inu mwangophunzira kumene kuyendetsa, ndipo msewu wanu ndi wotsetsereka. Tsiku lina mudzafinya buleki pakona, iyo idzakhala isanamalize ulendo. Musagule."

Mphunzitsi anathokoza n'kumapita. Achimwene anabwezera mutu wa injini mosamala kwambiri, bawuti iliyonse pamalo pake, ndipo mkamwini anakankha njinga yake osatsanzika.

Mwana wawo anabwera masana a tsiku lomwelo, wopanda kamdzukulu. Sanalowe m'shedi, anaima padzuwa.

"Azakhali, mwaswera bwanji," anatero kwa ine, kenako anayang'ana bambo ake. "Ndamva kuti ndine katswiri."

"Ndi zoona," anatero achimwene. "Njira za mpweya zija..."

"Zaka makumi awiri, bambo. Ndinkamasula, ndinkamanga, ndinkadikira kuti mwina lero munena. Mwakanenera kwa mlendo, ine kulibe, tsiku lomwe mukutiphera malonda."

"Mayi uja akanafa nayo."

"Mukanandiitana. Mabuleki ndikanasintha mawa lomwe. Koma kuchititsa manyazi mwamuna wanga pagulu ndiye kunakukomerani."

Apa achimwene anatola bawuti pansi n'kuiponya m'chitini chawo chija. Ine ndinawakwiyira, komanso ndinawamvera chisoni, chifukwa onse awiri ankanena zoona ndipo palibe amene zinamuthandiza.

Mwana anatembenuka. Atafika pakona ya sitolo ya penti, achimwene anayesa kumuitana, mawu awo osamveka bwino.

"Nanga mdzukulu wanga?"

"Akakula adzabwera yekha," anayankha osacheuka. "Adzabweretse njinga, mwina mudzamuona."