Mfundo ya pa Mwendo wa Amayi

Chitenje chija chikadalipo. Chili m'kabati ya Amayi ku Rockingham, pansi pa zovala za kutchalitchi, chobiriwira, chamaluwa achikasu amene anafwifwa kalekale. Ngodya zake ziwiri ndi zopotoka, ndipo ngakhale muzisite chotani sizifuna kuwongoka. Sabata yatha Amayi anachitulutsa kuti ndiberekere mwana wanga, ine n'kunama kuti msana ukundipweteka. Zoona zake n'zakuti sinditha kuchigwira chitenje chimenecho, ndipo chifukwa chake sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mlongo wanga ali ndi ziwiri. Bambo anatisiya iye akadali m'mimba, ndipo ku Perth tinali titakhalako chaka chimodzi chokha. Amayi ankagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Ife tinkagona ndi Malume, mchimwene wawo wa Amayi, amene ankalawirira m'mawa kupita kufakitale ku Kwinana. Masiku a sukulu zinkayenda ndithu: ine kusukulu, mlongo wanga kwa mayi wina wa kutchalitchi, Amayi pabedi. Koma holide ya Seputembala ya chaka chimenecho mayi uja anapita kumudzi kumaliro, ndipo tinatsala atatu, masabata awiri athunthu, m'kanyumba ka pamwamba komwe ukangothamanga pang'ono bambo wa pansi ankagogoda denga lake ndi mpini wa tsache.

Ndiye Amayi anatulukira nzeru. Ankati akafika m'mawa, osakhala n'komwe pansi, ankaphika mazira, kupaka buledi majarini, kusungunula sikwashi m'botolo lalikulu, kenako n'kuwomba m'manja: "Tiyeni ku holide!" Tinkakwera basi kapena sitima, tsiku lililonse paki ina. Ndikatseka maso ndimamvabe fungo la masamba a bulugamu ofunda ndi dzuwa, ntchentche zazing'ono zija zokakamira m'mbali mwa pakamwa, maluwa akutchire ali mbuu m'mbali mwa njira, apinki, achikasu, ena ngati zala za nkhuku zofiira. Inali nyengo imene mbalame za magpie zimalusa chifukwa cha ana awo, moti tinkayenda titasenza zikwama pamutu, Amayi akuseka kuti ngakhale mbalame za kuno zili ndi malamulo.

Tikayenda kwa kanthawi, Amayi ankasankha mthunzi. Ankavula nsapato, ndipo pa akakolo awo otupa pankaoneka mizere ya masokosi. Kenako ankatenga chitenje chija n'kuchipota ngati chingwe. Ngodya imodzi ankamanga pa mwendo wawo, inayo m'chiuno mwa mlongo wanga, chakumsana kumene manja ake sankafika bwino. "Akakoka ndidzuka," ankatero. "Iwe ntchito yako ndi maso basi." Asanamalize n'komwe mawuwo amakhala atagona kale, nkhono ali pa chikwama, akununkhira sopo wa kuntchito.

Lero ndili ndi satifiketi ya kasamalidwe ka ana ya ku koleji ya ku Joondalup, ndipo ndikudziwa zimene aphunzitsi anga akananena ataona mwana womangidwa pa mwendo wa munthu wogona. Koma ndikudziwanso tulo ta mayi amene wakhala chiimire usiku wonse. Ine mwana ndi mmodzi, mwamuna ndili naye, komabe tsiku lina ndinapezeka nditaika foni m'firiji. Nanga Amayi akanatani?

Nthawi imeneyo sindinkaganiza choncho. Ine mtima unali pa kasolo. Tisanatsekere, Aphunzitsi anatiuza kuti tikatsegulira aliyense adzalembe za kumene wapita, ndipo mnzanga wokhala naye desiki anati iwo akupita ku Mangalande kukaona nyumba za mafumu akale, zamiyala, zansanja zazitali. Kusukulu tinkati castle, Amayi n'kumati kasolo. Ndinawavutitsa nazo m'basi, m'sitima, pakudya. Ndinkawayankha m'Chingerezi dala, ndi kalankhulidwe ka kuno, chifukwa ndinkadziwa kuti zimawalasa. Ndinawauza kuti holide yathu ndi yabodza, yongokaonerera munthu akugona.

Amayi sanandimenye, ngakhale ndinkayenera. Anakafunsa kuntchito, ndipo gogo wina amene ankamusambitsa anawauza kuti kutchire, kupitirira pomwe basi imathera, kuli kasolo wamiyala yoyera pamwamba pa kaphiri. Malume anaseka mpaka kutsamwa tiyi. "Achemwali, kuno mafumu ake ati?" Koma Amayi anali atalemba njira yonse kuseri kwa envulopu.

Tinapita Lachinayi la sabata yachiwiri. Kuchoka pomwe tinatsika basi, njira inali yamchenga wotitimira, ndipo Amayi anayenda atabereka mlongo wanga, chikwama chili m'manja, milomo itauma. Titafika m'munsi mwa kaphiri, miyala yoyera ija inkaonekera pakati pa mitengo, pafupi kwambiri moti munthu akanaponya mwala n'kufika. Amayi anaima, n'kuyang'ana chitunda, n'kuyang'ananso mthunzi.

"Ndingotseka maso pang'ono, kenako tikwera."

Pang'ono wa Amayi ndinkamudziwa. Anamanga mfundo zawo ziwiri n'kugona.

Ndinadikira ndithu, zimenezo ndisadzinamizire. Ndinawerenga nyerere, ndinamusendera mlongo wanga dzira. Koma mthunzi unkasuntha, ndipo ndinkadziwa kuti akadzuka adzayang'ana wotchi n'kunena kuti basi itisiya. Nditayesa kuchoka ndekha, mlongo wanga anaimirira kuti anditsate, chitenje n'kukungika, mwendo wa Amayi n'kugwedezeka. Ndinabwerera msanga. Pamenepo m'pamene maganizo anandibwerera: ndimutenge, tikaone, tibwere, ndimumangenso.

Mfundo ija inakana zala zanga. Ndinagwada kumbuyo kwake n'kuiluma ndi mano. Mpaka lero ndimamva kukoma kwa nsaluyo m'kamwa, mchere wa thukuta ndi sopo. Iye ankangoseka, kuyesa ndikumugirigisha.

Tinakwera mwina theka la njira. Ankayenda pang'onopang'ono, kutola kamtengo kalikonse, kenako anakweza manja kuti ndimunyamule. Anali wolemera. Ndinamukhazika pamchenga, n'kumupatsa chidutswa cha buledi, n'kumuuza kuti akhale pompo. Mwana wa zaka ziwiri, eti. Ndipo ndinathamanga.

Kasolo uja anali uvuni wakale wowotchera laimu. Makoma atatu, khomo lakuda ndi mwaye, mabotolo a mowa osweka, fungo la mkodzo, mayina a anthu olembedwa ndi penti. Ndinazungulira kawiri kufunafuna masitepe a nsanja. Panalibe. Pobwerera ndinapeza buledi ali pamchenga, nyerere zitamuzinga, mlongo wanga palibe.

Apa m'pamene cholembera changa chimafuna kudumpha. Sindinakuwe. Sindinawadzutse Amayi. Ndinayang'ana kuseri kwa zitsamba ziwiri zitatu, ndikuitana monong'ona kuopa kuti angamve, kenako ndinatsikira pamthunzi paja, n'kukhala pansi, n'kutsegula buku langa la nthano. Ndinakhala chomwecho, maso pa tsamba limodzi, chitenje chili lambalala pa udzu popanda munthu kumapeto kwake. Patali pankamveka malole akudutsa mumsewu waukulu. Kaya zinali mphindi zisanu, kaya makumi awiri, sindikudziwa. Ndinkangopempha Mulungu kuti abwere yekha.

Anabwera naye ndi mayi wina wachizungu woyendetsa galu. Anamunyamula m'chiuno, nsapato imodzi palibe, nkhope ili mamina okhaokha. Anati wamupeza m'mphepete mwa msewu uja, phazi limodzi lili kale pa phula. Amayi anadzidzimuka ndi kuuwa kwa galu, ndipo chinthu choyamba chimene anachita ndi kukoka mwendo. Chitenje chinabwera chopepuka. Phokoso limene linatuluka pakhosi pawo sindinalimvenso kwa munthu wina aliyense.

Mayi uja ankalalata, foni ili m'manja, mawu akuti polisi akubwerezabwereza. Amayi anagwada pamchenga, monga amagwadira munthu pamaso pa akulu kwathu, mutu pansi, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Chingerezi chawo chonse chinathawa, anangotsala ndi "pepani, pepani, zikomo." Mayiyo anasowa chochita. Anawapempha kuti adzuke, anabweza foni m'thumba, ndipo anachoka akutembenukatembenuka. Ine ndinachita manyazi ndi kugwadako. Tangoganizani, manyazi anga anali pamenepo.

Atamufufuza mlongo wanga thupi lonse, zala, mapazi, m'mutu, Amayi ananditembenukira.

"Sunaone m'mene wamasukira?"

"Ayi. Ndimawerenga."

Anatola ngodya ya chitenje ija n'kuiyang'ana nthawi yaitali, akuisisita ndi chala chachikulu. Kenako anaipinda m'dzanja. "Mfundo yanga inali yofooka," anatero. "Ndinamanga ndi tulo."

Mawu omwewo anawauza Malume madzulo ake. Malume sanasekenso. Anati dziko lino boma limalanda ana, ndipo mzungu wina sadzabweza foni m'thumba. Kupaki sitinapitenso. Titatsegulira sukulu ndinalemba masamba awiri onena za kasolo wansanja zinayi ndi mbendera pamwamba, ndipo Aphunzitsi anandimatira nyenyezi yagolide n'kuwerenga nkhaniyo pamaso pa kalasi yonse.

Mu Disembala Malume anapita kumudzi kutchuthi, ndipo ananyamula mlongo wanga kukamusiya kwa amayi aakulu ku Lilongwe. Ankati ndi miyezi yochepa, mpaka Amayi atapeza ntchito ya masana. Zinatenga zaka zinayi. Atabwerako ankawatchula Amayi kuti anti, ndipo ankabisa foni pansi pa pilo kuti aziimbira amene iye ankawadziwa kuti ndi mayi ake. Pano ndi mnyamata wamkulu, waulemu kwambiri kwa Amayi, ulemu wa mlendo. Akabwera kudzadya amathokoza kawiri.

Zaka zonsezi ndinkakhulupirira kuti chinsinsi ndi changa ndekha. Koma mwana wanga atayamba kuyenda, tsiku lina ndili ndekha m'nyumba ndinatenga nsalu, n'kumanga pa mwendo wa tebulo mfundo ija monga ndinkawaonera Amayi akumanga. Ndinakoka. Ukakoka imalimba. Ndinayesa kumanga mofooka, ngati munthu wa tulo, koma inalimbabe. Ndinayesa ndi zala, ine munthu wamkulu, mpaka chikhadabo chinathyoka. Ndinakhala pansi m'khichini n'kukumbukira chala cha Amayi chikusisita ngodya ija. Inali yonyowa. Inali ndi zizindikiro za mano anga.

Sindinawafunsebe. Ndimapita ku Rockingham Lamlungu lililonse nditakonza mawu m'galimoto, n'kubwerera nawo. Ndikuopa kuti adzati sakukumbuka, ndipo ndikuopanso kuti adzati akukumbuka. Pakadali pano mwana wanga sindimusiya ndi aliyense, ngakhale kwa ola limodzi, ndipo Amayi akandiona ndikumutsata pambuyo paliponse amangoti, "Khala pansi, mayi, upume."

Tsiku limene Malume ndi mlongo wanga ananyamuka, ine ndinali ndi nsanje kuti iye akukwera ndege. Anadutsa pachipata ali paphewa pa Malume, akutibayibitsa ndi bisiketi m'manja. Amayi anaima mpaka anthu onse atatha, manja atagwira pamimba. Pobwerera anandigulira ayisikilimu wamkulu, wa mitundu iwiri, amene ndinkapempha chaka chonse osandigulira. Tili pabenchi kudikira basi, anandikonza kolala ya diresi, n'kunena motsitsa, osandiyang'ana:

"Pepa, mwanawe. Unali wamng'ono. Tsopano uzisewera ngati anzako."

Sindinamvetse chimene ankapepesa. Ndinanyambita ayisikilimu amene ankatsikira pachigongono, n'kuganiza mumtima kuti basi, ndapulumuka.