Madzi Amene Nduna Inakana ku Kabulonga

Ndinachoka ku Kabwata m'mawa, nditapemphera koma mtima uli m'mwamba. Mwana wathu Esnati anasankhidwa kukaphunzira za malamulo ku yunivesiti, ndipo atate ake anali atakana. "Masiku ano loya akatsegula pakamwa, agona m'ndende," ankatero.

Ndiye alongo anga a Tembo, amene ankaphika ku Kabulonga kunyumba ya kazembe wa dziko lina la Aluya, anandiitana kukathandiza kutsuka mbale. Kunabwera nduna ya zachilungamo ya kwawoko. Akuti inayamba ndi uloya, inamangidwapo, kenaka inakhala woweruza, mpaka boma kuipatsa unduna. Ndinafuna kuona ndi maso anga: munthu wotuluka m'ndende amaoneka bwanji?

Pa siteshoni anyamata achipani anayamba aona makhadi athu a umembala, ndiye tinakwera. Basi inali ya mangwee khumi, yodzaza mpaka pakhomo. Mayi wina anandiikira dengu la nsomba za kapenta pamiyendo osapempha.

"Muyenda kuti, ba mayo, na chitenge chanyowani?"

"Kukaona Mluya."

"Aah, mukamufunse ngati uyu msewu wa Cairo Road ufika kwao!"

Tinaseka mpaka m'tauni. Kumeneko ndinagula chinangwa chowotcha n'kukwera basi ya ku Woodlands. Kuchokera potsikira ndinayenda pansi. Ku Kabulonga mipanda ndi yaitali, agalu onenepa, mumsewu mulibe ngakhale mwana wofunsa njira.

Masana ndunayo inatulukira kuseri, kumene ndinkatsuka mapoto. Anali bambo wamfupi, waimvi, wotsimphina pang'ono. Dzuwa la Okutobala linali litakwiya, ndipo palibe amene anawapatsa kanthu. Ndinachita manyazi m'malo mwa nyumba yonse. Ndinatunga madzi ozizira m'kapu, ndinagwada, ndinapereka ndi manja awiri.

Anaika dzanja pachifuwa n'kupukusa mutu.

Kodi vuto ndi manja angawa? A Tembo anathamanga. "Mlongo, mwandipha! Ndi mwezi wawo wosala. Samwa ngakhale dontho mpaka dzuwa kulowa."

Yehova! Ine ndimasala Lachisanu, koma madzi ndimamwa. Bamboyo anaseka, nakhala pa mpando wa wophika. Mantha atachoka, ndinapempha a Tembo kuti andimasulire.

"Afunseni ngati n'zoona kuti anawamanga."

"Mufuna kundichotsetsa ntchito?"

"Funsani chabe."

Anafunsa. Bamboyo analoza mwendo wake wotsimphina uja. Anati anamangidwa chifukwa choimira pamlandu anthu onyamula katundu padoko. Ndinawauza za Esnati ndi mawu a atate ake.

"Amuna anu sakunama, amayi," anatero. "Ndende iliko. Koma amene ananditulutsa analinso loya. Akanakhala kuti amayi ake anamuletsa sukulu, bwenzi ndili momwemo."

Dzuwa litalowa anatumiza munthu kukhitchini: akufuna madzi aja, m'kapu yomwe ija. Ndinapereka, anamwa onse, nandipatsa zipatso zouma zotsekemera zotchedwa tende.

Ndinagona kwa a Tembo. M'mawa ndinatsikira ku Kamwala, ndinagula sutikesi yachitsulo yabuluu, ndinaisenza mpaka ku Kabwata. Ndinaphunzira kuti mantha anga ndi a atate a Esnati ndi amodzi, koma sangakhale mpanda wa mwana. Ndikuthokoza Mulungu amene anandiphunzitsa ndi kapu ya madzi.

Atate a Esnati anaiyang'ana sutikesiyo nthawi yaitali.

"Ndi ya ndani?"

"Ya loya," ndinatero, n'kuwapatsa tende.

Anatafuna pang'onopang'ono. "Ilibe loko. Ndikagula mawa."