Shuga Wonamiza Mabakiteriya

Ntchito ya mu labotale ku Gaborone anandipatsa yongondiyesa miyezi itatu. Ndikanalephera, ndiye kuti basi ya ku Lilongwe, ndipo mwana wanga amene ndinamusiya kwa amayi akanangondiona ndikufika chimanjamanja m'malo modzamutenga.

Ntchitoyo inali kulera mabakiteriya m'mabotolo a msuzi. Tinkathiramo kadontho ka IPTG, mankhwala ofanana ndi shuga wa mumkaka. Mabakiteriya amayesa chakudya chafika n'kutsegula jini, kachigawo ka malangizo a chibadwa chawo, imene imakhala yotseka, koma kudya IPTG sangathe, choncho jiniyo imangokhala yotsegula. Athu ankayenera kupanga puloteni yobiriwira. Anga ankangokhala mbuu.

Ine ndine waphuma chibadwire. Ndinkathira IPTG m'mawa womwewo ndikangoika mabakiteriya, ati kuchangamuka. Masabata asanu ndi limodzi anatha choncho. Amayi akaimba foni ndili m'kombi yobwerera ku Maruapula kumene ndinkakhala, ndinkanama kuti zonse zili bwino.

Amene anazindikira vuto langa anali amayi ena achitswana otsuka mabotolo, amene anakhalitsa pamalopo. Ndinkangowaponyera moni wa "dumela mma" n'kudutsa, poti ine ndinali ndi dipuloma. Tsiku lina anandigwira mkono ndili pafupi kuthira.

"Mwana wanga, mabotolo ako sandivuta kutsuka. A anzako amakhala ndi matope pansi. Iwe mabakiteriya ako ukuwagwiritsa ntchito asanakule."

Ndinachita manyazi, ndi kaukali komwe. Iwo anatenga nyuzipepala yakale n'kuiika kuseri kwa botolo, n'kunena kuti ndidikire mpaka msuzi uchite chifunga moti zilembo zing'onozing'ono zisamawerengeke. Papepala la malangizo zinalembedwa ndithu, m'manambala a makina oyezera, koma mzere umenewo ndinkaudumpha.

Ndinadikira maola atatu, ndikusuzumirasuzumira ngati wophika nyemba, kenako ndinathira. M'mawa mwake nditathira msuziwo m'chubu n'kuupukusa m'makina, pansi pa chubucho panali timatope tobiriwira ngati masamba a mpiru.

Sindinayambire kwa abwana. Ndinathamangira kusinki.

"Ke a leboga, mma," ndinawathokoza.

Anayang'ana chubucho, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Mwana uja umamuimbira pa nthawi ya nkhomaliro ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Sukulu za kuno zimadzaza msanga. Pita ukamulembetse malo."