Swichi Yomwe Inkagwa Nthawi ya Swala

Bwana wanga wa ku Fourways ankaopa kutentha kuposa akuba. Anaboola khoma la kuchipinda kwake n'kulowetsapo makina oziziritsa mpweya, matako a makinawo ali kunja, pamwamba penipeni pa mpopi wa kuseri. Ine ntchito yanga inali maluwa ndi kapinga. Pasi, chiphaso chokhalira m'dziko la eni, ndinalibe, choncho kunja kwa geti sindinkatulukako chisawawa. Zaka ziwiri zinatha popanda wondifunsa kuti kwanu n'kuti, ndipo ndinkasungulumwa koopsa.

Mpopi wa kuseriwo adona anandiletsa. Wanga unali pafupi ndi khola la agalu, pomwe agaluwo ankanyambita madzi. Mwana wa ku Machinga, ndisambe manja, nkhope ndi mapazi pamalo otero, kenako ndikaime pamaso pa Mulungu? Ndinkazembera woletsedwawo, kasanu pa tsiku.

Dzinja lina magetsi anayamba kuthima. M'khitchini munali swichi yomwe imagwa yokha magetsi akayamba kuthawira pansi. Ndikangotsegula mpopi, makina aja zii, bwana n'kuyamba kutukwana m'nyumba. Anayamba kulemba papepala nthawi iliyonse yomwe swichi yagwa, ndipo analumbira kuti akapeza woseweretsa magetsi ake, atuluka geti tsiku lomwelo. Ndinkadziwa kuti ndine. Koma ndisiye swala chifukwa cha thukuta la mzungu?

Anaitana wamagetsi, mmwenye wachikulire wa ku Fordsburg. Wamagetsiyo anawerenga pepala lija: m'bandakucha, masana, madzulo, dzuwa litangolowa, usiku. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ndinati basi katundu ndimange.

Anapita kuseri yekha, ine pambuyo ndi makwerero. Pansi pa makinawo anapeza kabokosi ka mawaya katang'aluka, m'kati muli chinyontho. Anayang'ana mpopi, anayang'ana mapazi anga.

"Asalamu alaikumu," anatero motsitsa mawu.

Moni umenewo ndinali nditaumva komaliza ndikuchoka kumudzi. Ndinayankha motsitsa mawu inenso.

"Mumaima apa opanda nsapato, simenti ili yonyowa?" anafunsa m'Chifanakalo, chilankhulo chosakaniza chomwe antchito tinkamvanirana kumeneko.

"Eya, abambo."

"Ikanapanda swichi ija, m'bale wanga, bwenzi titakuswalirani swala ya maliro kalekale."

Ndinaseka, koma mumtima ndinafunsa kuti akanandiswalira ndani, poti palibe ankadziwa kuti ndilipo.

Anaika kabokosi katsopano, n'kumata bwinobwino. Kwa bwana anangoti kabokosi kanang'aluka ndipo kankalowa madzi, swichi inkagwira ntchito yake. Za komwe madziwo ankachokera sanatchule. Pokwera galimoto anandigwira dzanja n'kundiuza kuti Lachisanu lina ndidzapite kumzikiti kwawo. Wopanda pasi ngati ine, sindinapiteko.

Swichi sinagwenso, ntchito inapulumuka, bwana ankagona mozizira. Koma ndiulule: kwa miyezi, ndikamatawaza madzi kumaso, ndinkawazako dala pang'ono pakabokosi kaja n'kutchera khutu, mwina makina angazime kuti bambo aja aitanidwenso. Anali mmisiri weniweni. Sikanalowenso ngakhale dontho.