Sizibwera pa Mayeso

Boma litanditumiza ku Rumphi kuchokera kwathu ku Ntcheu, anzanga anati ndachita mwayi, ati kumpoto ana amabadwa atagwira kale pensulo. Sananame kwenikweni. Pasekondale pamene ndinkaphunzitsa Jogalafe makolo ambiri anali aphunzitsi, ana a aphunzitsi, ndipo mwana akafika kunyumba potsekera teremu, asanavule n'komwe nsapato, funso linali limodzi: wakhala nambala chani?

M'Fomu 3 munali mtsikana amene yankho lake silinkasintha. Nambala wani basi. Manotsi ankawameza n'kuwabweza papepala osataya ngakhale kadontho. Tsiku lina ndinalumpha mzere polemba pabolodi, iyenso pamayeso n'kulumpha pomwepo. Ndinamuchongera, koma zinandinyansa. Mwana wanzeru chotero tinkamusandutsa makina a fotokope, n'kumamuombera m'manja.

Lachisanu masana inali nthawi ya masewero. Sukulu yonse inkakhamukira kubwalo chifukwa timu ya netibolo inkakonzekera mpikisano wa m'boma, ndipo ahedi chikhocho ankachilota. Mtsikanayu ankabisala m'kalasi ndi mapepala a mayeso akale. Lachisanu lina teremu yomaliza itangoyamba, ndinamutulutsa n'kutsetsereka naye kukamtsinje ka kuseri kwa sukulu, kumene amayi ankachapa.

"Kamtsinje aka kauma liti chaka chino?" ndinamufunsa.

"Zili patsamba liti, Madamu?"

"Palibe tsamba."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Tinadula nsungwi, tinailemba mizere ndi lula ndi mpeni, n'kuizika pakati pa madzi. Ndinamuuza kuti Lachisanu lililonse aziona pamene madzi afika ndi kulemba m'kope. Anafunsa kuti ntchitoyo ili ndi malikisi angati. Ndinati ziro.

Masabata oyamba ankapita atakwinya nkhope, kungondilemekeza. Kenaka amayi ochapa aja anamuuza kuti kale kamtsinjeko kankakumana ndi mvula kasanaume, ndipo nkhaniyo inamulowa. Anayamba kutsata madziwo kumtunda. Anapeza madimba olimidwa mpaka m'mphepete, ndi zitsa pamene anthu anadula mitengo ya zigafa za fodya. Tsiku lina anandithamangira m'kati mwa phokoso la netibolo, matope mpaka m'mawondo.

"Madamu, manotsi anu aja akunama! Kuno sizili choncho ayi!"

Zaka zonse zimene ndagwira choko, palibe mwana amene anandisangalatsapo ngati ameneyu ponditsutsa. Asanatsekere anandionetsa tsamba lomaliza la kope lake. Anali atawerengera yekha kuti madzi adzatheratu sabata yachiwiri ya Okutobala, ndipo ankafuna kudzaona ndi maso ake ngati walondola.

Potsekera teremu ahedi anawerenga zotsatira pa asembule. Mtsikanayu anakhala nambala 3. Sukulu yonse inati "Aaa!" ngati kwagwa maliro.

Titatsegulira mu Seputembala, iye ali Fomu 4, bambo ake anabwera. Anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, jekete ndi tayi dzuwa lili phwee. Ahedi anandiitana ku ofesi. Ndinalowa nditakonzekera ndewu, koma bambowo anaimirira n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Monire, amama. Yewo chomene chifukwa cha ntchito. Ndaliona kope la mwana, n'labwino nadi. Kweni amama, ine choko ndadya zaka zambiri. Ku yunivesite sasankha ndi nsungwi."

Akanandikalipira ndikanayankha, pakamwa ndili napo. Koma munthu wolankhula modekha chotero umamuyankha chiyani, poti sakunama? Ahedi anangowonjezera kuti ku Boma akuyang'ana sukulu yathu chaka chino, ndi kuti mwana wa mapointsi sikisi, amene palibe angawapose, sitinatulutsepo. "Muona nokha, Madamu," anatero.

Palibe amene anandilamula. Izi ndizinene poyera, chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti anandiletsa. Ndinachita mantha. Ndinaganiza za mmene zikanamvekera kutchalitchi ndi kumsika kuti mayi wa ku Ntcheu uja waononga mwana wa eni. Ndinadzitonthoza kuti kwa eni kulibe mkuwe. Lachisanu la sabata yomweyo ndinamupeza mtsikanayo akuvula nsapato kuti alowe m'madzi, ndipo ndinamuuza ndi pakamwa panga pomwepa.

"Za kamtsinjezi usiye. Sizibwera pa mayeso."

"Kwangotsala masabata anayi, Madamu."

"Ndati sizibwera pa mayeso."

Anavala nsapato, anandipatsa kopelo ndi manja awiri, n'kubwerera kukalasi. Chaka chonsecho sanandifunsenso funso lililonse kupatula lakuti mutu wakutiwakuti ubwera kapena ayi.

Sabata yachiwiri ya Okutobala ndinapita ndekha kukamtsinje. Nsungwi inali itaima pamchenga wouma. Sindinamuuze. Ndinati ndingamusokoneze, koma zoona zake n'zakuti ndinali ndi manyazi.

Mapointsi sikisi anapezadi. Ahedi atabwera kuchokera kumsonkhano wa ku Boma anaitanitsa asembule, chikho cha netibolo chili patebulo, n'kulengeza kuti sukulu yathu yatchulidwa kawiri, pa masewero ndi pa mayeso. Ananditchula inenso kuti ndinamusula bwino mwanayo. Ndinaomba m'manja pamodzi ndi onse.

Papita zaka, ndipo ine ndikadali kuno. Chaka chatha ndinakumana naye pasiteji ya maminibasi a ku Mzuzu, atavala suti, chikwama cha laputopu paphewa. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundiuza kuti anamaliza bwino ndipo ali pantchito mu ofesi ina. Kondakitala ankakuwa, mipando inkatha, ine ndinathamangira kunena zimene ndinasunga zaka zonsezi.

"Mwanawe, unalondola. Kanauma sabata yomwe ija unalemba."

"Chiyani, Madamu?"

"Kamtsinje kaja. Nsungwi ija. Kope lako ndikadali nalo."

Anaganiza pang'ono, kenaka anaseka, kuseka kwabwinobwino kopanda mangawa. Ndikanakonda akanandikwiyira.

"Ooo, zija! Munandithandiza chomene kundiletsa, Madamu. Sizinabweredi. Ngakhale mng'ono wanga ndimamuuza zomwezo."

Anakwera, minibasi inanyamuka. M'mawa mwake ndinali ndi Fomu 3. Kutsogolo kunakhala kamtsikana kena kanzeru, cholembera chili m'manja, kakudikira. Ndinatembenukira kubolodi n'kuyamba kulemba manotsi.