Tchanelo 7 ya a Phillip

Rozaria Namakhwa anabadwira kwa Jenala, m'banja la alimi a chinangwa omwe makolo awo anachokera ku Mozambiki. Sukulu analekezera Folomu 2. Kutaipa anaphunzirira ku parishi, ndipo m'zaka za m'ma 90 makalata ambiri ofunsira ntchito ochokera kwathu kuno anadutsa m'zala zake. Mu 2006, kalabu yathu ya alimi a nandolo itapatsidwa makompyuta atatu ndi dishi ya intaneti, panalibenso wina woti tim'patse makiyi. Amene anadzalumikiza zinthuzo anamuphunzitsa masiku anayi, n'kumusiyira kabuku kachingerezi, basi.

Makompyutawo anali m'zipinda zosiyana ndipo sankalumikizana ndi mawaya. Pakhoma panali kabokosi ka nyanga ziwiri komwe kankatumiza zonse mumphepo. Rozaria ankatipezera mitengo ya nandolo ya ku Limbe, n'kumatumiza zithunzi za matumba athu kwa ogula. Zaka ziwiri zinatha popanda dandaulo.

Mu 2008 bungwe lina logawa mbewu linachita lendi nyumba yoyandikana ndi yathu, n'kuika kabokosi kawonso. Kalaliki wawo, a Phillip Muhiwa, anali munthu waulemu wopitirira muyeso, wopepesa ngakhale chitseko akachigunda. Tsiku loyatsa bokosi lawo anabwera chipewa chili m'manja.

"Odi mayi! Bokosi lanulo lili pa tchanelo iti?"

"Pa 6, bambo," anayankha Rozaria.

"Ndiye ine ndikhala pa 7, ndisakupondereni m'munda."

Rozaria anathokoza. Inenso ndinalipo, pakuti ndinali mlembi wa komiti, ndipo ndinayamikira m'mtima. Kwathu munthu wabwino amatero: salima mzere wa mnzake, amayambira pa mzere wotsatira.

Kuyambira sabata yomweyo makina athu anayamba kukwawa. Chithunzi chimodzi chinkatenga nthawi yoti munthu apite kumsika n'kubwerako. Chopweteka kwambiri n'chakuti masana, anthu akapita kokadya, zonse zinkathamanga bwinobwino. Wapampando wathu, a Goliati, anaona zimenezi n'kugamula okha mlandu: mayiyu wawononga makina, kapena amagwira ntchito ola limodzi lokha patsiku. Wogula wina atatopa kudikira zithunzi n'kukagula nandolo kwina, komiti inakhala pansi.

"Zinthu izi n'za anthu a satifiketi," anatero a Goliati. "Ku Blantyre aliko wina. Lolemba likudzali mayi Namakhwa apereke makiyi."

Ndivomere, inenso ndinakweza nawo dzanja, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi. Rozaria anali ndi ana anayi, mwamuna anamwalira, ndipo ntchito yake inali yomweyo. Sanalire pamaso pathu. Anang'ung'udza mawu awiri atatu m'Chilomwe, omwe sindingawalembe pano, n'kutuluka.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Masiku atatu Rozaria analemba m'kope nthawi iliyonse imene makina ankafulumira, ndipo anapeza kuti inali nthawi imene a Phillip ankatseka ofesi yawo. Anatsegula kabuku kachingerezi kaja. Chingerezi cha m'kabukumo chinali chokhwima, koma munali chithunzi cha timapiri khumi ndi kamodzi tolowana m'mapazi, kalikonse ndi nambala ya tchanelo yake. Anachiyang'ana mpaka anachimvetsa: kaphiri ka 6 kanali kotambalala, phazi limodzi pa 4, lina pa 8.

Koma chithunzi cha m'buku sichikanawagonjetsa a Goliati. Rozaria anapita kwa a Phillip kukabwereka bokosi lawo ndi makompyuta awo awiri tsiku Loweruka, ine n'kundipempha makiyi a nyumba yosungiramo nandolo. Ndinam'patsa, chifukwa chikumbumtima chinali chitandidya kale.

Mmene anachitira ndi umu. Anaika bokosi lathu ku khoma lina, la a Phillip ku khoma lina, mtunda wake wofanana ndi wa pakati pa maofesi athu, woyezedwa ndi mapazi. Anawapatsa a Phillip ntchito imodzi: makompyuta awo azitumizirana zithunzi osalekeza, ngati tsiku la ntchito. Iye ankatumiza mulu umodzi womwewo wa zithunzi kuchoka pa kompyuta yathu ina kupita pa inzake, ine nditagwira wotchi. Ulendo uliwonse ankaubwereza katatu, ati wotchi imanama kamodzi, osati katatu.

Bokosi la a Phillip litazimitsidwa, zithunzi zinafika m'masekondi 40. Ataliyatsa pa 7, zinatenga mphindi zinayi ndi theka. A Phillip anakhala pa thumba la nandolo atagwira kumutu.

"Mayi, ndiye kuti wakuphani ndine?"

"Dikirani bambo, sitinamalize. Ikani pa 8."

Pa 8 zinatenga mphindi zitatu. Pa 9, mphindi imodzi ndi masekondi angapo. Pa 11, masekondi 42. Ine ndinayamba kale kulongedza, koma Rozaria anati tiyesenso kamodzi, mabokosi onse awiri pa 6. A Phillip anakana kwamtuwagalu, ati kumeneko n'kulowa m'nyumba ya mwini osagogoda. Rozaria anawakakamiza. Zithunzi zinafika m'mphindi imodzi ndi theka, kufulumira katatu kuposa pa 7 paja pamene anasankha mwaulemu.

Rozaria anaseka mpaka misozi. Kenako anatifotokozera mmene ankaonera. Mabokosi akakhala pa tchanelo imodzi amamvana, ndiye amapatsana mpata ngati amayi pa mjigo. Akatalikirana kwambiri, lililonse limachita zake. Koma akakhala moyandikana, lililonse limangomva phokoso la linzake osazindikira kuti ndi mawu, ndiye onse amalankhula nthawi imodzi, uthenga umasokonekera, n'kumautumizanso kambirimbiri.

Lolemba komiti inabwera kudzalandira makiyi. Inapeza mabokosi akadali m'nyumba ya nandolo, Rozaria atavala chitenje chake cha kutchalitchi.

"Apampando, makiyi ndi awa. Koma ndisanapereke, mundigwirireko wotchiyi."

A Goliati anaigwira monyinyirika. Pa 7 anaimirira mphindi zinayi ndi theka zathunthu, thukuta likuwatsika m'khosi. Pa 11 asanakonze n'komwe magalasi awo, zithunzi zinali zitafika. Anati wotchiyo ndi yanga ndipo mwina tagwirizana, choncho anavula yawo. Tinabwerezanso zonse. Wotchi yawo inanena zomwezo.

A Phillip ndiwo anayamba kulankhula, ati cholakwa chinali chawo ndipo bokosi lawo likhala pa 11 mpaka kalekale. Amayi a m'komiti anaimba nthungululu mpaka anthu a pamsika anabwera kudzasuzumira. Ine mtima wanga unadzaza, ndipo ndinasangalala ngati ndine ndapambana, chonsecho ndinali mbali ya olakwa.

A Goliati anakankhira makiyi kwa Rozaria osamuyang'ana, n'kunena kuti nkhaniyi yatha, tipite ku mfundo ina.

"Pepani apampando, sinathe," anatero Rozaria. "Zondichotsa munazilemba m'maminitsi. Izinso zilembedwe."

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinatenga cholembera, n'kufunsa kuti ndilembe chiyani. Rozaria anandiuza mawu amodziamodzi, mokweza, kuti ndi amene anali pakhomo amve: makina sanawonongeke, mayi Namakhwa sanalakwe, vuto analipeza ndi mayi Namakhwa. A Goliati anawerenga kawiri, n'kupempha cholembera changa, n'kusaina m'munsi mwake.