Alamu Anga Anakwera Ndege Okha

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza alamu anga, a Jailosi, ku bwalo la ndege ku Harare. Ndinabwerako ndi manyazi pang'ono, koma ndi chimwemwe chachikulu.

A Jailosi ndi mchimwene wa malemu mkazi wanga. Anagwira ntchito ya njanji kuno ku Mutare, yolumikiza mabogi a sitima, mpaka tsiku limene bogi inawadula miyendo yonse iwiri. Kuchokera pamenepo amayenda pa njinga ya olumala. Amaphika okha, amasamba okha, ndipo manja awo akakugwirani pa moni mumamva.

Ulendowu unali wa ku Malawi, koyamba m'moyo wawo. Azakhali awo, mlongo womaliza wa bambo awo, akalamba kwambiri ku Dedza, ndipo anatumiza mawu akuti akufuna kuona mwana wa mlongo wawo maso asanatseke. Pa basi, kudzera ku Tete, thupi la a Jailosi silikanapirira. Choncho ana awo anawagulira tikiti ya ndege.

Tinanyamuka kwathu ku Sakubva, komboni ya ku Mutare, m'mawa, titapemphera. Titafika pa tebulo loonetsera matikiti, mtsikana wa kampani ya ndegeyo anayang'ana njinga, kenako anayang'ana ine. Anandifunsa m'Chishona kuti, "Sekuru ava vanofamba nani?" Ankafuna kudziwa kuti agogowa ayenda ndi ndani.

Ine ndinayankha kuti ayenda okha.

"Sizingatheke," anatero, akuyang'anabe ine. "Munthu wotere sakwera popanda womusamalira."

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ine ndinakulira pa komboni ya famu ku Odzi. Bambo anga ankavula chipewa akaona munthu aliyense wokhala kuseri kwa tebulo. Anatiphunzitsa kuti mwana wa mlendo sakweza mawu mu ofesi, amathokoza n'kutuluka. Ambiri a inu mukudziwa zimene ndikunena. Tinabadwira kuno, koma tikaona chidindo timanjenjemera ngati tabwera dzulo.

Ndiye ndinawerama n'kunong'ona kuti, "Alamu, tisavute. Tiyeni tibwerere, tikaganize bwino kunyumba."

A Jailosi ananditembenukira. "Alamu, kodi ndinakulembani ntchito ya womasulira? Mlongo wanga anakwatiwa ndi munthu wabwino, koma wamantha ngati nkhuku ya chitopa. Taimani apo."

Kenako anagogoda pa tebulo ndi chala, mwaulemu. "Mwana wanga, wokwera ndege ndine. Ndili pansi pano. Makutu anga sitima sinawadule."

Mtsikanayo anatsitsa maso.

Anthu a njanji ali ndi khalidwe limodzi: sakhulupirira lamulo la pakamwa. Pa ntchito yawo sitima sinkasuntha chifukwa wina wanena, inkasuntha pepala likalola. A Jailosi anatulutsa envulopu m'thumba la jekete. Pogula tikiti anauza mwana wawo kuti alembere kampaniyo, afotokoze za njinga, ndiponso kuti amatha kudzisamutsa okha kuchoka pa njinga kupita pa mpando. Kampani inayankha kuti zili bwino, ndipo yankholo analisindikiza pa pepala.

"Ili ndi pepala lanu," anatero. "Tsopano ndionetseni lanu lina, pamene palembedwa kuti sindingakwere. Likakhalapo, ndibwerera ku Mutare osadandaula."

Mtsikanayo anafufuza pa kompyuta. Mzere kumbuyo kwathu unayamba kung'ung'udza, nthawi ikutha. Ine ndinkapemphera chamumtima. Eni ake, a Jailosi, anangopinda manja pachifuwa, phee.

Pepala loletsalo silinapezeke. Panabwera mayi wina wamkulu pa ntchitoyo, nawerenga pepala la a Jailosi lija mpaka pansi. Atatha anakoka mpando, nakhala kuti maso awo alingane ndi a a Jailosi.

"Bambo, talakwa. Tikuthandizeni bwanji?"

Funso limenelo ndi limene linkafunika kuyambira pachiyambi. A Jailosi anayankha bwinobwino. Anati sakufuna kunyamulidwa m'manja pa masitepe ngati thumba la feteleza, pamene bwalo lili ndi galimoto yokwezera anthu mpaka pa khomo la ndege. Anati njinga yawo aisiya pa khomopo, osati pa tebulo, ndipo akaipeze pa khomo potsika, chifukwa njingayo ndiyo miyendo yawo. Mayiyo analemba zonse. A Jailosi anapempha kuti asainire, ndipo anasainira.

Atsala pang'ono kulowa, anandikodola. "Alamu, mukandipempherere. Koma kwa Mulungu kokha, kwa anthu ndidzilankhulira ndekha."

Pa basi yobwerera ndinaganiza zambiri. Mtsikana uja sindimuweruza. Anachita zimene tonsefe timachita. Kodi si ife amene timafunsa wokankha njinga kuti, "Adya kale awa?" mwini mimba ali pomwepo? Mkazi wanga atafooka m'chaka chake chomaliza, anthu ankabwera kudzamuona koma n'kumafunsa ine kuti wagona bwanji. Ndinkayankha, ndikuyesa kuti ndi chikondi. Sindinaganizepo kuti ndikumulanda mawu.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife timathamangira kumutsekulira chitseko chimene sanapemphe, kapena kumuuza kuti agone, kunja n'kozizira.

Malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti munthu wolumala ali ndi ulemu ndi ufulu wofanana ndi wina aliyense. Zimenezi si chifundo cha kampani ya ndege ayi. Munthu wogula tikiti ndi wapaulendo, kaya wayenda ndi miyendo, ndi ndodo, kapena ndi mateyala. Ngati pali chifukwa chenicheni cha chitetezo chomuletsera, achinene kwa iye mwini, ndipo achionetse pamene chalembedwa. Ndipo kwa inu abale anga olumala amene mukukonzekera ulendo: auzeni a kampani nthawi isanakwane, pemphani yankho lolembedwa, ndipo mulisunge m'thumba la pachifuwa. Kufunsa mwaulemu si chipongwe.

Lachitatu masana foni inalira. Anali a Jailosi, kumbuyo kwawo kukumveka nthungululu. Anati njinga anaipeza pa khomo la ndege, yosathyoka paliponse. Anati azakhali anawagwira nkhope ndi manja onse awiri n'kuwaitana ndi dzina la bambo awo.

Ndinayika foni pansi, ndikuyamika Mulungu mokweza ndili ndekha m'nyumba.

Tsono ndikufunseni, owerenga anga. Ndi angati m'mabanja mwathu amene sanafike kumene ankafunika, osati chifukwa lamulo linawaletsa, koma chifukwa wachibale wowakonda anawanong'oneza kuti, "Tisavute"?